Diresi Lopanda Kazenera

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndadzuka maso akuwawa ndi utsi wa dzulo, koma mtima uli m'malo. Dzulo tinachita arubaini, sadaka yotsiriza ya maliro a Ambuje, Che Sumaili, ndipo alendo amene anagona akwera shapa, minibasi ya kuno, ya ku Chiuta m'mamawa. Amayi ali kuseri, akukwecha miphika yobwereka. Zainabu, mng'ono wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, akusewera ndi zitsekero za mabotolo pakhonde. Kusukulu sindinapite chifukwa cha ntchito yotsala, ndiye ndati ndilembe za Ambuje dzuwa lisanakwere. Dzulo anthu ambiri anaimirira n'kuwayamikira, koma munthu amene ankamutchulayo ine sindinamudziwe. Ankati anali ofatsa. Ambuje sanali ofatsa ngakhale pang'ono.

Anali malume awo a amayi anga, ndiye kwathu kuno anali mwini mbumba. Mwana akadwala, bambo ake atha kugula mankhwala, atha kulira, koma wonena kuti mwanayu apite kwakuti kapena asapite ndi mwini mbumba. Bambo athu ndi msodzi ku Chiuta, munthu wabwino, koma pa nkhani za ife ana ankakhala pamphasa n'kumamvetsera ngati mlendo. Mawu otsiriza anali a Ambuje, ndipo nthawi zambiri oyamba analinso awo.

Ankasoka pakhonde la sitolo ina pamsika wa Insaca. Anthu akawatcha alifayate ankakana. Ankati kusoka anakaphunzirira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, ndiye iwo ndi telala, wofuna alifayate akafunefune kwina. Za nkhondoyo sankasimba. Mwana ukawafunsa ankakutuma kutola mapini pansi. Chimene ndinamvapo n'chakuti kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri, kusoka ndi kuima pamzere, ndipo chachiwiricho anachisiya pamalire. Anayamba ndi kusandutsa mabulangete a chithandizo kukhala majekete a ana. Mtendere utabwera anabwerera ndi mutu wa makina atakulunga m'nsalu, ataumangirira panjinga, iwo akukankha wapansi.

Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ankaivula pakhomo la mzikiti pokha, pamodzi ndi nsapato. Mapini ankawapana ndi milomo, ndiye ankalankhulira m'mbali mwa kamwa, moti ngakhale akukupatsa moni unkayesa akukukalipira. Ukabwera ndi kapulana, nsalu ya chitenje, yotchipa ankakuuza pamaso pa anthu kuti imeneyi ikachapidwa kawiri isanduka sefa. Zovala za ana zonse ankazisoka zazikulu, ndi mpendero wopinda kawiri. Azimayi ankadandaula kuti ana akuoneka ngati avala matumba. Iwo ankayankha kuti mwana amakula koma nsalu siikula, ndipo wofuna zothina apite kwa anyamata osoka kufupi ndi ogulitsa nsomba.

Koma chimene anthu a pa Insaca adzawakumbukire nacho si masiketi. Ndi tinsalu ta Zainabu.

Zainabu sachita chimbudzi ngati ife. Ali ndi bowo kumanzere kwa mimba, limene madotolo anatsegula ali ndi zaka ziwiri, ndipo zonse zimatulukira pamenepo. Kunyumba timalitcha kazenera. Dzinali anayambitsa ndi Ambuje, ankati bowo ndi la khoswe, munthu amakhala ndi zenera. Matumba a pulasitiki amene anatipatsa kuchipatala sanachedwe kutha, ndipo kuno sapezeka. Ambuje anakhala pamakina, kusoka ndi kuphwasula, kusoka ndi kuphwasula, mpaka anatulukira lamba wa nsalu wokhala ndi kathumba kutsogolo, momwe timalowetsamo tinsalu tofewa topindapinda. Tikanyowa timachotsa, timapukuta, timapaka mafuta pakhungu kuti lisanyuke, n'kuika tina. Madiresi onse a Zainabu anawasoka ndi kachitseko kumanzere, kobisika pansi pa thumba, kotseka ndi mabatani awiri, kuti tizimusintha popanda kumuvula pagulu.

Amayi poyamba ankafuna kuti mwanayu azikhala m'nyumba, anthu asamuone. Ambuje anakana. Anati chobisa m'nyumba ndi katundu wakuba, ndipo uyu sitinamube. Amayi akapita kumunda ankamutenga kupita naye pamsika, n'kumukhazika pansi pa makina kuti azitola zidutswa. Zainabu yekha ndiye ankawatchula kuti Sumaili, popanda Che, ndipo iwo ankangoti, "Abwana aitana." Ankadziwa zakudya zimene zimamuvutitsa, ndipo wogulitsa aliyense womupatsa nyemba zokazinga kapena mango osapsa ankalandira mawu ake pomwepo.

Kusoka anthu anakumvetsa. Chimene sanamvetse ndi kuchapa. Tinsaluto Ambuje ankachapa okha kuseri kwa sitolo, m'beseni lobiriwira limene sankalola munthu wina kuligwira, n'kuyanika pachingwe poyera, pamene aliyense wopita kogula tomato ankaona. Tsiku lina ndili pomwepo kunabwera Che Bakali, mnzawo wa kumzikiti amene anathawa naye nkhondo limodzi.

"Che Sumaili," anatero Che Bakali atagwira mphuno, "inu munthu wopemphera swala zisanu patsiku, ndevu zoyera mbee, manja omwewo m'zonyansa, omwewo pa mikanda ya tasibihi? Akazi atha m'mbumba mwanu?"

Ambuje sanadzutse mutu. "Che Bakali, madzi Mulungu analengera chiyani? Inuyo mumatawaza chifukwa choti simupita kuthengo?"

"Zanga n'zanga. Izi n'za mwana, wamkazinso."

"Ndiye zanuzo zimanunkhira? Mubwere nazo mawa, tidzathire m'mabotolo tigulitse."

Azimayi a tomato anaseka mpaka wina anagumula mulu wake. Che Bakali anachoka akung'ung'udza, ndipo anakhala nthawi osawapatsa moni. Dzulo pa sadaka ndi iwo amene analira koposa onse.

Koma ndikalemba zokhazi ndikhala ngati anthu a dzulo aja. Munthu amene anachedwetsa Zainabu kupita kuchipatala ndi Ambuje omwewo.

Zainabu atabadwa sanatulutse chimbudzi chakuda choyamba chija. Mimba inatupa, anayamba kusanza zobiriwira. Azimayi achikulire anatenga phesi la tsamba la papaya ndi madzi ofunda n'kumutsuka kumunsi, ndipo zinatuluka. Kuyambira pamenepo moyo wake unali womwewo: kutupa, kutsukidwa, kupepukidwa, kutupanso. A nesi a pachipatala cha Insaca anauza amayi kuti izi si za phesi, mwanayu apite ku Cuamba, mwina mpaka ku Nampula, ndipo mwina pafunika opaleshoni. Amayi anakauza Ambuje. Ambuje anati ayi. Anati mimba ya munthu si thumba la chimanga loti utumbule, usuzumire, usokenso. Bambo atayesa kuikapo mawu, Ambuje anawafunsa ngati ana a alongo awo atha kuti ayambe kulamula ana a eni.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, ngakhale panalibe wochitchula. Ali ku Malawi akazi awo anadwala m'mimba. Anafika nawo kuchipatala atafooka kale, anawachita opaleshoni, sanadzuke. Manda awo ali tsidya lija, ndipo Ambuje sanakwatirenso. Anabwerera kwawo ndi makina, mkazi anamusiya m'nthaka ya eni. Za mpeni wa dotolo sankafuna kumva.

Zinasintha masiku otsiriza a Ramazani, Zainabu ali ndi zaka ziwiri. Imeneyo ndi nyengo imene telala sadzutsa mutu. Nsalu za anthu zinali mulu mpaka pazenera la sitolo, aliyense akufuna chatsopano cha pa Idi. Amayi anandituma kuti ndipite ndi Zainabu akamuyeze diresi. Ndinamuimika pabenchi. Ambuje anayeza mapewa, n'kung'ung'udza kuti mapewawa ndi omwe aja a Idi yatha. Anayeza mkono, chimodzimodzi. Kenako anazunguliza tepi pamimba. Anayang'ana pamene chala chawo chaima, anamasula, anayezanso. M'mawa womwewo anali atayeza chiuno cha mayi wina wa ana atatu, ndipo chala chinaima pamalo omwewo.

Analavulira mapini m'dzanja. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulankhula ndi pakamwa ponse ali pantchito.

"Amayi ako ali kuti?"

"Kumunda, Ambuje."

"Kawaitane. Uwauze atenge kapulana ziwiri ndi khadi la mwana. Khasu alisiye pomwepo."

Mwini sitolo atawaona akuphimba makina dzuwa lili pamutu, anatuluka akuthamanga. "Che Sumaili, mutu uli bwino? Nanga nsalu za anthuzi? Idi ili pakhomo!"

"Aliyense adzatenge yake. Avale za chaka chatha, Mulungu awazindikirabe."

Ena sanawakhululukire. Mayi wina anatenga bulauzi yake ili ndi mkono umodzi, ndipo mpaka lero amaitchula akationa.

Anapita ku Cuamba pa shapa, kenako pa sitima mpaka ku Nampula, ndipo Idi anadyera pabenchi la chipatala. Ine sindinapite nawo, izi ndinamva kwa amayi. Amati njira yonse Ambuje anangokhazika mwana pamiyendo, dzanja lili pamimba pake. Madotolo atamaliza kuyeza, mmodzi anajambula thumbo papepala, nesi wina wodziwa Chiyao akumasulira. Anati matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo, osati ya magazi koma yotumiza uthenga, imene imauza thumbo kuti finya apa, masula apo, mpaka chakudya chitsike. Zainabu anabadwa chigawo chotsiriza cha thumbo chilibe mitsempha imeneyi. Chigawocho chinangokhala chofinyika, osatsegula njira, ndipo zonse zinkaunjikana kumtunda. Anati ntchito ichitika kawiri. Koyamba atsegula kazenera kuti mwana apume, adye, anenepe. Akalimba, adzachotsa chigawo chopanda mitsemphacho, adzakokera thumbo labwino kumunsi n'kulumikiza, kenako adzatseka kazenera.

Ambuje anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Ndiye kuti mudula poonongeka, mulumikize pabwino."

Dotolo anati ndi choncho.

"Imeneyo ndi ntchito yoti munthu n'kuimvetsa. Chitani."

Opaleshoni itatha anapempha kuona msoko. Amayi amati anawerama n'kuuyang'anitsitsa ngati ntchito ya mwana wophunzira kusoka, kenako anati msokowo ndi woongoka, koma ulusi awononga wambiri. Kuyambira tsiku limenelo madotolo ankawatcha atelala anzawo.

Zainabu ananenepa. Anayamba kuthamanga, kukwera mitengo, kukalipira nkhuku ndi mawu a Ambuje. Ndipo vuto latsopano linachokera pomwepo. Opaleshoni yachiwiri inayamba yachedwa chifukwa mwana anali asanalimbe, kenako tsiku linasunthidwa, kenako mvula inadula msewu, kenako amayi anayamba kunena chapansipansi kuti mwana ali bwino chonchi, tikamuputirenji mpeni kachiwiri. Mantha amene Ambuje anataya, amayi anawatola. Zaka zinapita. Anzake a Zainabu akuyamba sukulu chaka chamawa, koma iye akudziwa kale kuti ana ena amamutalikira lamba wake akanyowa. Tsiku lina anandifunsa ngati kusukulu kuli beseni.

Kumayambiriro kwa chaka chino, m'phunziro la biyolojiya, aphunzitsi athu, amene kuno timati a pulofesora, anatiphunzitsa za mitsempha ya m'matumbo. Ndinakhala tsonga ngati akunena za kwathu. Anati mitsemphayi ndi yochuluka kwambiri, ndipo imayendetsa ntchito yake popanda kudikira kuti mutu ulamule chilichonse. Kenako anatiuza kuti m'mayiko ena akatswiri akuyesa njira yatsopano. Pali maselo oyambira, amene sanasankhe ntchito, otha kusanduka khungu, magazi kapena mtsempha malinga ndi mmene awalerera. Akatswiriwo akuwalera m'timbale kuti akhale mitsempha ya m'matumbo, n'kuyesa kuwaika m'thumbo limene linabadwa lopanda, kuti lidzuke liyambe kufinya lokha. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati anachiritsapo mwana ndi njira imeneyi. Anati ayi, pakadali pano akuyesera pa mbewa ndi pa tizidutswa ta thumbo, ndipo palibe angalonjeze chaka. Komabe ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga. Tsiku lomwelo ndinaganiza kuti ndikamaliza sukulu ndikufuna kudzagwira ntchito imeneyi, ndipo sindinasinthe.

Ndinapeza kwabwera Malume Yusufu, mlongo wawo wa amayi, amene amagulitsa sopo ndi shuga ku Entre Lagos. Onse anali pabwalo akumwa tiyi, ndipo ndinafotokoza zonse ndisanavule ngakhale nsapato. Ambuje anayamba ndi nthabwala. Anati zoti mimba ili ndi nzeru zakezake iwo anazidziwa kalekale, chifukwa ya Yusufu siimvera mutu ikafika Ramazani. Kenako anandifunsa mafunso enieni. Maselowo amawatenga kuti? Akawaika m'thumbo, amadziwa bwanji poti aime? Zina ndinayankha, zina ndinati ndikafunsa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu amenewo akufuna kulowetsa ulusi m'nsalu imene inawombedwa yopereweza, osaidula, ndipo akadzakwanitsa ndiye kuti aposa atelala onse.

Malume Yusufu anawomba m'manja. "Basi, nkhani yatha! Mwamva, achemwali? Mankhwala akubwera opanda mpeni. Tidikire amenewo. Tithamangirenji kukadula mwana?"

Amayi anayang'ana pansi, koma ndinaona kuti mawuwo awakomera.

"Malume," ndinatero, "a pulofesora anati akadali pa mbewa."

"Lero mbewa, mawa munthu. Anthu amenewo sachedwa."

"Yusufu," anatero Ambuje, "iwe ukamva kuti ku Nampula akumanga fakitale ya nsalu, umavula buluku n'kukhala pansi kudikira?"

"Malume, si inu nomwe munkati mimba si thumba la chimanga?" anatero Malume Yusufu.

"Ndinatero, ndipo mwana anatsala pang'ono kupita ndi mawu angawo. Ukufuna kukawatola kudzala kumene ndinawataya? Owomba nsaluwo awombe, Mulungu awathandize, ndipo uyu," anandiloza ine, "adzapite akawathandize. Koma Zainabu sukulu ikumudikira chaka chamawa. Siidikira mbewa."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mawa lake Ambuje sanapitirize ndi pakamwa. Anagula nsalu ya yunifomu, anayeza Zainabu, n'kusoka diresi la kusukulu. Atamaliza analikweza m'mwamba kuti amayi alione. Kumanzere kunalibe kachitseko. Panalibe thumba lobisa kanthu, panalibe mabatani, msoko unangotsika woongoka kuchokera m'khwapa mpaka kumpendero. Zainabu analirira kuti avale pompo. Anamuuza kuti ili ndi la munthu wopanda kazenera, adzavala akadzabwerako ku Nampula. Analipachika pamsomali pamwamba pa makina, pamene aliyense wa m'mbumba wodutsa pamsika ankaliona, ndipo anati mpunga ukangokololedwa apita naye okha mwanayo.

Mpunga unakololedwa, koma miyendo yawo inali itayamba kutupa. Makina awo ndi opalasa ndi mapazi, ndiye anayamba kupuma pakati pa msoko, zimene anali asanachitepo. Kenako mpweya unayamba kuchepa. Anasiya kupita pamsika, tinabweretsa makina ndi diresi kunyumba. Ankangoti miyendo ikaphwa tinyamuka. Ngakhale ali chigonere sanafatse. Anakalipira amayi kuti akufinya tinsalu mopotokola, tiyamba kuuma ngati zikopa. Anakalipira Che Bakali kuti akuwawerengera mapemphero a dua mothamanga ngati akuthawa mvula. Amayi atafuna kupinda diresi lija kuti aliike m'sutikesi lisachite fumbi, anadzuka ndi chigongono n'kunena kuti cholowa m'sutikesi chimaiwalika, lipachikidwe pakhoma pamene iwo akuliona. Anamwalira m'mawa wina wa Seputembala, ndipo tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Dzulo anthu atadya, akuluakulu anakhala pansi n'kunena kuti mwini mbumba tsopano ndi Malume Yusufu. Amayi anafunsa za Zainabu, ndi mawu aang'ono. Malume anati tisathamange, maliro angotha kumene, ndiponso sayansi ikupita patsogolo tsiku ndi tsiku. Si munthu woipa. Amamukonda Zainabu, amamubweretsera mabisiketi, ndipo ndikuona kuti akuopa kuti chinthu choyamba chimene alamule monga mwini mbumba chingakhale chotengera mwana ku mpeni. Anakwera shapa madzulo omwewo chifukwa sitolo yawo ilibe woyang'anira. Palibe anawatsutsa. Che Bakali anatsegula pakamwa, koma anatsekanso. Si a mbumba yathu.

Madzulo

Ndinasiya kulemba chifukwa amayi anandituma kukabweza miphika, ndipo pobwerera ndinadzera pamsika. Khonde la sitolo lija lilipo. Mbali imodzi mwini sitolo waunjikapo matumba a makala. Pamene panali makina patsala timaenje tinayi, momwe miyendo yake inadya simenti, ndi banga lakuda la mafuta pakati. M'ming'alu mukadali tiulusi tamitundumitundu timene tsache latilephera. Pabenchi limene ndinaimikapo Zainabu tsiku lija pakhala mayi wogulitsa mtedza, amene sakudziwa kuti linali la ndani. Kuseri chingwe chikadali chomangika, chopanda kanthu, ndipo pansi pake udzu ndi wobiriwira kuposa pena paliponse, chifukwa m'pamene madzi otsukuluzira ankatayidwa. Msomali ulipo pakhoma, wopindikira m'mwamba. Azimayi a tomato anandipatsa moni motsitsa mawu. Pakhondepo palibenso wokalipa.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa diresi lija n'kumuitana Zainabu. Sindinamuveke, ndinangoliika kumsana kwake. Mpendero ulipo wambiri, wopinda kawiri monga mwa nthawi zonse, ungamufikitse zaka ziwiri kutsogolo. Koma mapewa akungokwanira ndendende. Ambuje, amene ankasoka chilichonse cha mwana ngati thumba, mapewa a diresi ili sanawasiyire malo ngakhale a chala chimodzi, ndipo mapewa alibe mpendero woti n'kumasula. Sindikhulupirira kuti analakwitsa muyeso.

Mawa ndi Loweruka, kulibe sukulu. Ndawauza amayi zimene ndikufuna kuchita. Atulutsa khadi la Zainabu m'sutikesi n'kuliika pamwamba pa makina. Ndikwera shapa yoyamba ya ku Entre Lagos ndi Zainabu, diresi ndi tepi ya Ambuje. Sindikakangana ndi malume, si malo anga. Ndikawafotokozeranso zonse zimene a pulofesora ananena, mwaulemu, ndi za mbewa zomwe. Ndikatha ndikamuimika Zainabu pabenchi la sitolo yawo, ndikawapatsa tepi m'manja, ayeze okha mapewa a mwana ndi mapewa a diresi.